Pasiji yamdima ndi pabalaza popanda kanthu: yankho kwa asisi a ku Chilenje

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chilenje mu Lusaka, dzina sinditchula poti sanandilole kutero. Mwachidule akuti: "Tangosamuka kuchoka mu tuzipinda tuwiri ku Mtendere, tapeza nyumba ya lendi ya zipinda zogona zitatu. Ukangotsegula chitseko pali pasiji yaitali yamdima, pabalaza ndi pa mamita 4 kwa 5. Mwezi uno ndikudya chilimba, ndikufuna sofa ya L imene ndinaiona pa Facebook, abambo akunyumba akufuna TV yaikulu, apongozi anatipatsa displei yawo yakale. Ndiyambire pati kuti nyumba ioneke ya anthu?"

Asisi, zikomo pondilembera, ndipo ndakondwa nanu kuti mwapeza malo otakasuka. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, ndalama ya chilimbayo musaitulutse kaye. Choyamba kugula ndi tepi yoyezera chabe, imene imapezeka mu hadiweya iliyonse ku Kamwala. Ndikutero chifukwa munthu ukachoka mothina nkulowa m'nyumba yaikulu mtima umathamangira kudzaza paliponse, ndiye pakatha miyezi itatu upeza kuti wabwereranso kothina kuja, kungoti manje ukulipira lendi yambiri.

Tiyambe ndi pasijiyo, poti ndi imene mlendo amayamba kuiona. Mapasiji ambiri m'nyumba zathu ndi a mita imodzi m'lifupi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye mukaikamo katebulo ka maluwa kapena kabati basi njira yatha. Ganizirani agogo akubwera ndi ndodo, ganizirani inuyo mwabereka mwana kumbuyo mwanyamula beseni la zochapa, kapena usiku wina wadwala mukufuna kumutulutsa anthu awiri mutamugwirizira uku ndi uku. Pansi pa pasiji pazikhala poyera, zokongoletsa zonse zikwere pakhoma. Chokhacho chimene ndingalole pansi ndi kashelefu ka nsapato pafupi ndi chitseko, kosapitirira masentimita 30 kuchoka kukhoma, ndipo pamwamba pake mukhomepo tokolekera makiyi ndi ambulera.

Mdimawo uli ndi mankhwala atatu: penti, galasi ndi babu. Penti akhale woyera kapena wa kirimu, ndipo popeza ana amayenda akusisita khoma ndi manja a nsima, funsani penti wa mtundu wa PVA wotheka kupukuta ndi kansalu konyowa, ndi wodulirapo koma simudzapentanso chaka chilichonse. Lita imodzi imakwana malo a masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi, ndipo mufunika makoti awiri. Musanatsegule chitini auzeni alandilodi, makamaka pa WhatsApp kuti mawu akhale olembedwa, kuopa mkangano wa dipoziti tsiku lotuluka. Ngati khoma loyandikana ndi bafa likusupuka kapena lili ndi nkhungu, ndiye kuti muli chinyezi, akonze kaye paipi, penti sabisa madzi.

Galasi lalitali muliike moyang'anizana ndi kumene kumachokera kuwala, kaya ndi chitseko cha pabalaza kapena cha kukhitchini, limabweza kuwalako nkukuponya mkati. Masana zitseko za zipinda zimene zili ndi mawindo muzizisiya zotsegula pang'ono. Za babu, tonse tikukumbuka mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi amapita maola ambirimbiri, ndiye mupasiji ikani babu lija lotchaja lokha limene limayakabe magetsi akazima. Pogula mababu muziona nambala pakatoni: 6500K ndi kuwala koyera kwa mbee ngati kwa mu ofesi, 3000K ndi kofiirira kofewa, kwa ine pabalaza pamayenera kofewako chifukwa nkhope za anthu zimaoneka bwino ndipo maso satopa.

Tsopano sofa ya L ija. Asisi ndikuuzeni mosabisa, pa mamita 4 kwa 5 ine sindingagule. Zambiri mwa izo zimatenga mamita awiri ndi theka kapena atatu mbali imodzi, kuya kwake pafupifupi masentimita 90, pomwe chitseko cha nyumba wamba ndi cha masentimita 80 okha, ndiye vuto limayambira pakhomo pomwe. Koma chachikulu si chimenecho. Pabalaza pa ife si pongoonera TV ayi. Ndi pamene amakhala azimayi a kutchalitchi akabwera kudzaona wodwala, ndi pamene amatulira mapoto a chilanga mulilo, mwambo uja wopititsa zakudya kwa mkamwini, ndi pamene mwana amagwada popereka moni kwa akuluakulu, ndipo tsiku la zovuta, Mulungu atitalikitsire, mipando yonse imatuluka panja kuti azimayi ayale mphasa. Mpando woti amuna anayi alimbane nawo kuti usunthe sugwirizana ndi moyo umenewu. Ndiponso pa L anthu amakhala mothithikana, apongozi aamuna ndi mtengwa mawondo nkumagundana, mukudziwa nokha kuti zimenezo sizimasuka.

Chimene ndingachite ndi ichi: sofa imodzi ya anthu atatu, mipando iwiri ya munthu mmodzimmodzi yoti mutha kuinyamula nokha, ndi timasitulu tiwiri titatu tolowa pansi pa tebulo. Musanalipire tengani choko kapena manyuzipepala akale, jambulani pansi kukula kwa mpando uliwonse, muyendemo masiku awiri. Pakati pa sofa ndi tebulo pazitsala masentimita 40 kapena 45, njira yochoka pakhomo kupita kukhitchini isachepere 80. Mukapeza kuti mukuponda pa chokocho ndiye kuti mpandowo ndi waukulu.

Kogula kulipo kwambiri. M'mashopu a ku Manda Hill kapena East Park muli zowala bwino, koma muzigogoda ndi kufunsa kuti mkati muli chiyani, chifukwa zambiri zotchipirapo ndi chipibodi, utuchi womata ndi guluu, ndipo ife timakolopa tsiku ndi tsiku, madzi akangolowa kumunsi chimatupa nkuyamba kunyenyeka. Ine mtima wanga uli kwa akalipentala ndi owotcherera a ku Kalingalinga, aja mumawaona mu Alick Nkhata Road, poti amakupangira molingana ndi muyeso wa nyumba yako. Kungoti pitani ndi maso. Pemphani kuona fulemu asanaikute ndi nsalu, khalani pa siponji mphindi zingapo muone ngati ikubwerera mukanyamuka, miyeso ndi mtundu wa nsalu zilembedwe papepala, ndipo musalipire zonse katundu asanathe. Funsaninso za thabwa. Mukwa, umene ena timautcha mlombwa, ndi wolimba, sufumbwa wamba ndipo chiswe chimauopa, paini wa ku Copperbelt ndi wotchipa komanso wopepuka koma afunika mankhwala ndi vanishi. Chachikulu likhale louma. Ine tebulo langa loyamba linapangidwa ndi matabwa aawisi, mu Epulo linali bwinobwino, pofika Okutobala linang'ambika pakati mpaka mpunga kumagweramo, zinandiwawa chifukwa ndalama yake ndinaisunga miyezi yambiri. Thabwa laliwisi limalemera ndipo limazizira ukaligwira. Ngati muli ndi nthawi pitani nokha ku msika wa Buseko mukasankhe matabwa limodzi ndi kalipentala wanu.

Miyendo ya mipando ikhale yaitali moti tsache lilowe pansi. Fumbi la Lusaka la mu Ogasiti ndi Seputembala mukulidziwa, likatha kumabwera matope a Januwale, nchifukwa chake kapeti yoyala chipinda chonse ine ndimaikana, makamaka ngati pali mwana wa mphumu. Kakapeti kakang'ono koti mutha kukakung'untha panja kapena mkeka wabwino ndi zokwanira. Ngati pansi ndi pa simenti yofiira musachite napo manyazi, kapakeni polishi wa kobra pawale, pamazizira bwino nthawi yotentha. Zopukutira mapazi zikhale ziwiri, china kunja china mkati.

Za TV ndilankhule ndi abambo akunyumba mwaulemu. Bambo, ya mainchi 43 kapena 50 ikukwanirani mpira wonse pa chipinda chimenechi, mukakhala mamita awiri kapena awiri ndi theka kuchoka pamene ili. Isayang'anizane ndi windo, ndipo musaikweze kufupi ndi siling'i, pakati pa sikirini pazilingana ndi maso a munthu amene wakhala pampando, apo ayi khosi lidzakupwetekani.

Displei ya apongozi, chonde musaitaye ndipo musaibise kuchipinda. Ambiri amaiona ngati yachikale koma zambiri za nthawi imeneyo ndi thabwa lenileni loti lero simungalipeze pa mtengo womwewo. Ipaleni ndi sandipepala, ipakeni vanishi, sinthani zogwirira. Chimene chimaipitsa displei ndi kuidzaza, makapu onse a pa kitcheni pate, maluwa a pulasitiki, zidole, makhadi, zonse pamodzi. Sankhani mbale zochepa zokongola, chithunzi cha ukwati, Baibulo ndi mabuku angapo, pena pasiyeni popanda kanthu. Tsiku limene amayiwo adzabwere nkuipeza ikuwala pabalaza, mudzaona nkhope yawo.

Makatani ndi amene amasintha chipinda msanga kuposa china chilichonse. Nsalu ya pa mita ili mbwee ku Kamwala, ndipo mu salaula ku msika wa Soweto mumapezeka makatani olemera abwino mukapita m'mawa belo litangotsegulidwa. Mulifupi mwa nsalu muzikhala kawiri kukula kwa windo kuti ipange mapindo, chitsulo chake mukhome pamwamba pa windo ndithu, nsalu itsike mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Mitundu musachulutse, sankhani chitenje chimodzi chimene mumachikonda, telala akusokereni makushoni, ndiye mitundu iwiri ya m'chitenjecho ndi imene izitsogolera zina zonse. Pakhoma la pasiji zithunzi za banja mumzere umodzi pa msinkhu wa maso, kapena madengu atatu a Atonga a ku Southern Province, amapezeka ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road, pafupi ndi kwanu komweko, komanso pa msika wa Lamlungu ku Arcades.

Ndiye chilimba cha mwezi uno chipite ku penti, mababu, makatani ndi sofa ya atatu ija, zinazo zidikire ulendo wina. Chimodzi chokha simunandiuze, windo la pabalaza layang'ana kuti? Ngati ndi kumadzulo, dzuwa la masana mu Okutobala lidzawotcha chipinda ndi kusuluka nsalu ya sofa, ndiye mudzafunika katani ya lainingi. Nditumizireni chithunzi cha cha m'ma 3 koloko masana komanso muyeso wa pasijiyo, tione pamodzi pamene galasi lingakhale.