Achemwali, za Jordan Poole uja mwafunsazi

Eee achemwali mwaswera bwanji kumeneko, alamu ali bwanji? Ndikuyankha pa voice chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope, phokoso mukulimvalo ndi la a kabaza pa M'baluku pano musadabwe. Nde ndaona funso lanu pa gulupu, mukuti mnyamata wathuyo watola jezi ya basketball ya nambala 3 pa kaunjika yolembedwa Poole ndipo sakufuna kuivula olo kuti ichapidwe, kusukulu akumangoponya mpira ali kutali ati akutengera mwini jeziyo, pomwe alamu akumuseka kuti ameneyo ndi wosewera wa ziii anachita kumuthamangitsa ku timu yake. Nde inu mwafunsa kuti kodi munthuyu ndi katswiri zoona kapena mwana akutsatira munthu olakwika.

Choyamba alamu ndiwakonze pang'ono, sanamuthamangitse ayi. Ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, matimu amasinthana osewera pamodzi ndi ma kontrakiti awo, nde mu 2023 timu yake ya Golden State inamupereka ku Washington iwo nkutenga Chris Paul. Koma kuti anali atatopa naye, apo pokha alamu sakunama.

Luso mwana uja alinalo, limenelo tisakanganepo. Anabadwa mu 1999 ku Milwaukee, anatchuka koyamba ali ku koleji ya Michigan mu 2018 pomwe anaponya three, shoti yakutali ya mapointi atatu, nthawi ikutha kwenikweni nkugonjetsa Houston ndi pointi imodzi, anzake kumuthamangitsa bwalo lonse ndi chisangalalo. Golden State inamutenga mu 2019 pa nambala 28, kutanthauza kuti anyamata 27 anasankhidwa iye asanaitanidwe, sanali oti aliyense akumulimbirana. Ndipo chaka choyamba chinali chomvetsa chisoni, pa mipira itatu iliyonse yomwe waponya umalowa umodzi basi, timu yake inathera pansi penipeni pa ligi. Mpaka anamutsitsa kukasewera ku timu yawo yaing'ono ya Santa Cruz mu G League kuti akaphunzire kaye. Ambiri akatsitsidwa choncho sabwereranso, amangozimirira. Iye anabwerera atasintha.

Sizoni ya 2021 mpaka 2022 nde inali yake. Mapointi 18.5 pa gemu, ndipo pa ma free throw anali nambala wani mu ligi yonse, 92.5 pa 100 iliyonse, kumuposa ngakhale katswiri wamkulu Stephen Curry amene anali naye timu imodzi. Mukamva zimenezo dziwani kuti dzanja lake ndi loongoka, free throw ilibe mwayi, umaima wekha palibe okumaka, ukaphonya waphonya wekha. Atalowa ma playoff, magemu ochotsana olimbirana chikho, gemu yake yoyamba yeniyeni anamwetsa Denver mapointi 30, yachiwiri 29, yachitatu 27, nthawi imeneyo Curry akuchokera kovulala phazi akuyambira pa benchi, tangoganizani. Mu fainolo ndi Boston anaponya ina ali pafupi ndi pakati pa bwalo kota yachitatu ikutha, inalowa. Ine ndinkaonera pa foni, magemu aja amayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kuno, akamatha ku mzikiti aitana kale, ndinakuwa mpaka aneba anafunsa ngati kwalowa akuba. Anatenga chikho 4-2. Nde mwana akamati Poole ndi dolo, pali pomwe akuchokera, ali ndi mphete ya ukatswiri imene osewera ambiri otchuka anapuma asanaigwire.

Vuto lake tsopano. Ine ndimati vuto la Poole silili m'manja, lili pa kusankha kuti ndiponye liti, ndipatsire liti. Inuyo munkasewera ntchemberembaye ku sekondale mukudziwa, shuta akaponya ali kumphepete kwa seko pomwe mnzake waima yekha pansi pa golo manja ali m'mwamba, olo mpirawo ulowe aphunzitsi amakalipabe. Poole ndi shuta ameneyo. Ku basketball timu imapatsidwa masekondi 24 kuti iponye, iye amatha kuponya patangotha masekondi 5 ali kutali kuposa mzere wa three, anzake asanafike nkomwe pansi pa ring kuti akaphonya atole. Tsiku limene ikulowa mumati palibenso wina ngati iyeyu. Tsiku limene yakana sasiya, amangoponyabe, nkumataya mipira podribula mothamanga kuposa maganizo ake, mu sizoni ya 2022 mpaka 2023 ankataya mipira yoposa 3 pa gemu iliyonse.

Pali gemu imodzi imene imamufotokoza yense, ya mu January 2023 ndi Memphis. Kwatsala mphindi imodzi ndi pang'ono, Golden State ikutsogola, mpira ubwerera kwa iwo ataphonya, chofunika ndi kudekha kudya nthawi. Curry akuomba m'manja kupempha mpira. Poole osamuyang'ana, kuponya three pomwepo, kuphonya. Curry, munthu ofatsa uja, anapsa mtima mpaka anavula chotetezera mano chija amaluma nkuchigenda kwa anthu oonera, ma refu nkumutulutsa m'bwalo. Nde mukudziwa amene anagoletsa basiketi yopambanira masekondi omaliza? Poole yemweyo, 122-120. Munthu mmodzi, mphindi imodzi, wakuphetsani nkukupulumutsaninso. Kochi ungatani naye munthu otere, umukalipire kapena umukumbatire?

Ma playoff a chaka chimenecho ndi amene anamuthera. Gemu yoyamba ndi Lakers anasewera bwino ndithu, mapointi 21 ma three 6, koma kumapeto akutsalira ndi 3 anaponya ali kutali kwambiri masekondi akadalipo oti akanasendera pafupi, inakana, anagonja. Anthu anaiwala ma three 6 aja anangokumbukira yophonyayo. Pofika gemu yachinayi sanagoletse olo pointi imodzi. Ziro achemwali. Munthu amene miyezi ingapo m'mbuyomo anali atasainira kontrakiti ya zaka 4 ya ndalama zoposa madola 120 miliyoni, musayese kuziwerengera mu makwacha mudwala mutu.

Komanso difensi, iyi nde mwana wathuyo sangaione pa TikTok chifukwa palibe amene amadula kavidiyo ka munthu akumaka. Poole ndi wamtali bwino, pafupifupi mamita 1.93, koma thupi ndi lopepuka ndipo maso amakhala pa mpira nkuiwala munthu wake. Matimu anzeru amachita kumusakasaka, amatchinga dala kuti iyeyo ndi amene atsale ndi katswiri wawo, kenako kumudutsa. Nde ukagoletsa 20 koma mbali yako kwadutsa 25, wathandiza chani? Nchifukwa chake magemu akafika pothina kochi wake Steve Kerr ankamukhazika pansi.

Koma pali china chimene anthu omuseka amadumpha, ndipo ine chimandikhudza. Mu October 2022 sizoni isanayambe, Draymond Green, mkulu wake pa timu, anamumenya chibakera ku training, kanema nkutuluka dziko lonse kuonera. Mnyamata wa zaka 23, wamenyedwa ndi munthu amene amayenera kumuteteza, kenako akuuzidwa kuti pitirizani kusewera limodzi ngati palibe chachitika, kuvalira chipinda chimodzi, kukwera ndege imodzi chaka chonse. Kerr mwini wake anavomera sizoni itatha kuti nkhani ija inasokoneza timu. Sindikuti ma shoti onse opusa aja anabwera ndi chibakera ayi, ankaponya choncho ndi kale, koma amene amati mwana uja anangofuwa yekha sakunena nkhani yonse.

Ku Washington nde kunaonekera chinthu chimene ine ndimakhulupirira pa iyeyu. Ali ku Golden State adani onse maso amakhala pa Curry ndi shuta mnzake Klay Thompson, awiri awiri kumuthamangira Curry, Poole nkumapeza mpata waulere, ndipo akalakwitsa kumbuyo kuli anzake Draymond ndi Andrew Wiggins okonza. Atapita koti iyeyo ndiye mkulu, aliyense akumaka iyeyo, zinamuvuta, timu inapambana magemu 15 okha pa 82 ndipo chapakati pa sizoni anamuchotsa pa oyamba nkumuika pa benchi. Anthu anamupanga nthabwala pa intaneti, mwina nzimene alamu anaona. Chaka chotsatira anadzuka, mapointi oposa 20 pa gemu, ma three ake akulowa bwino kuposa kale mpaka anaphwanya rekodi ya timuyo ya ma three ambiri pa sizoni imodzi imene inali ya Bradley Beal. Koma timu inapambana 18 basi, ndipo mu 2025 anamusinthanso kupita ku New Orleans. Nde ine kuona kwanga, Poole ndi munthu oti akhale wachitatu kapena wachinayi pa timu yabwino, alowe kuchokera pa benchi awotche mphindi 20, zikakana kochi amutulutse msanga. Pamenepo ndi oopsa ndipo chikho anatenga ali choncho. Koma kumupatsa timu kuti ayendetse, ayi, ine sindingamupatse.

Tsono za mwana wathuyo. Jezi musamulande, asiyeni avale, bola ichapidwe. Kukonda Poole si tchimo, ana onse amakonda oponya kutali, palibe mwana amagula jezi chifukwa cha difensi. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi zoponya ali kutalizo pa msinkhu wake. Ring ili mamita 3.05 m'mwamba, mzere wa three pa mabwalo athu ndi 6.75, ku NBA ndi 7.24, mwana wa Form 1 mikono isanakhwime sangafikitse mpira pamenepo ndi kaponyedwe koyenera, nde amachita kuukankha kuchokera pachifuwa ndi manja onse awiri, thupi kupindika, ndipo chizolowezi chimenecho chikakhazikika kuchichotsa ndi ntchito yaikulu, ndawaona anyamata ambiri pa bwalo amene anaonongeka choncho ali ndi luso lawo. Ayambire pafupi, masitepe awiri kuchokera pa ring, dzanja limodzi, chigongono pansi pa mpira, ikamalowa mosavuta abwerere m'mbuyo sitepe imodzi. Zotopetsa, sizokoma kujambula, koma Poole amene akumutengerayo 92.5 ija sanaitole pa msewu, ndipo ku Santa Cruz kuja sanapite kukaponya za pakati pa bwalo.

Mumuuze kuti malume akuti ngati akufunadi kukhala Poole atengere zitatu, aa kaya ndi zingati, atengere free throw, atengere kudribula ndi manja onse makamaka lamanzere limene ana athu amalisunga ngati la mlendo, ndi mtima uja obwerera atakutsitsa. Zoponya mnzako akupempha mpira ali poyera azisiye konko ku America, kuno anzake angomusala osamupatsiranso. Ndipo aonereko gemu yathunthu olo imodzi osati tizidutswa ta masekondi 30 tokha, tija amaika zolowa zokhazokha, aone kuti pakati pa ma shoti awiri okongola pamakhala zophonya zingati. Bundle ndimugulira ine.

China, dzuwa la kuno mukulidziwa, simenti ya pabwalo imatentha masana mpaka nsapato kumata, asamapite 1 koloko akangoweruka, adikire cha m'ma 4, atenge botolo la madzi. Nsapato zija anavala pa chithunzi mwatumizacho zatha kunsi, aterereka nazo athyoke bondo, tikayang'ane zina pa msika.

Loweruka ndikuwolokera konko, mumuuze apope mpira tikakumane ku bwalo m'mawa kusanatenthe. Ndikamuimika pa mzere wa free throw aponye 20, akalowetsa 14 nsapato ndilipira ndekha, akalephera tigawana ndi alamu poti ndi amene amamuseka. Alamu nawonso abwere tiwaone ngati angafikitse olo pa ring. Moni kwa amayi, muwauze mankhwala aja ndagula ndibwera nawo.