Mafunso ndi Mayankho: Kodi Sugababes enieni ndi ati?

Funso: Akonzi, ndamva kuti gulu loimba la Sugababes la ku Britain linafika poti munalibenso ngakhale mmodzi mwa atsikana amene analiyambitsa, koma dzina lake linapitirirabe kugwira ntchito. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, zinatheka bwanji?

Yankho: Zimene mwamvazo n'zoona, ndipo sizinachitike tsiku limodzi. Zinali ngati nyumba imene akuizula nsichi imodziimodzi n'kumaikapo zatsopano, mpaka palibenso mtengo wakale umene watsala.

Gululi linayamba mu 1998 mumzinda wa London ndi atsikana atatu, Siobhán Donaghy, Mutya Buena ndi Keisha Buchanan, onse asanakwanitse zaka 15. Chimbale chawo choyamba, One Touch, chinatuluka mu 2000, ndipo nyimbo ya "Overload" inafika pa nambala 6 pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dzikolo. Anthu odziwa nyimbo anachiyamikira chimbalecho, koma sichinayende malonda monga momwe kampani ya London Records inkayembekezera, moti inawasiya. Mu 2001 Siobhán anachoka, ndipo patapita nthawi anafotokoza kuti pa masiku amenewo ankadwala matenda ovutika maganizo. Tisaiwale kuti ameneyu anali mwana wa zaka 17 amene ankakhalira maulendo ndi ntchito, kutali ndi makolo ake.

M'malo mwake munalowa Heidi Range wa ku Liverpool, gululo n'kusainirana pangano ndi kampani ya Island Records, ndipo apa m'pamene mwayi unatseguka. Kuyambira 2002 mpaka 2007 nyimbo zawo 6 zinafika pa nambala 1 ku Britain, kuphatikizapo "Freak like Me", "Round Round" ndi "Push the Button". Zinthu zili bwino chonchi, Mutya anatsanzika mu December 2005, patangopita miyezi yochepa atabereka mwana wamkazi, ndipo Amelle Berrabah anatenga malo ake. Mu September 2009 Keisha, yemwe anali womaliza mwa oyambitsa, nayenso anatuluka, ndipo iye ananena poyera kuti sikunali kufuna kwake. Amene analowa anali Jade Ewen, yemwe chaka chomwecho anaimira United Kingdom pa mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya wotchedwa Eurovision ku Moscow n'kukhala wachisanu.

Funso: Nanga n'chifukwa chiyani eni akewo sanachoke ndi dzina lawo? Ine ndimaona ngati dzina la gulu ndi la anthu amene analiyambitsa.

Yankho: Ambiri timaganiza choncho, koma malamulo a zamalonda amayendera zolembedwa. Dzina la gulu limalembetsedwa ngati chizindikiro cha malonda, ndipo amene ali ndi ulamuliro pa dzinalo ndi amene watchulidwa m'mapepala, kaya ndi kampani yojambula nyimbo, mamanejala, kapena kampani imene inakhazikitsidwa kuti iziyendetsa gululo. Woimba akachoka, amachoka ndi mawu ake ndi luso lake, koma dzina limatsala. Kwa kampani, dzina lodziwika kale ndi chuma chimene inawonongerapo ndalama zambiri polengeza, choncho kupeza woimba wina n'kotchipa kusiyana ndi kuyambitsa gulu latsopano.

Chimene chimandipweteka mtima pa nkhani imeneyi n'chakuti mawu a munthu wochoka ankafufutidwa ngakhale pa nyimbo zimene anali ataimba kale. Mutya atachoka, chimbale cha Taller in More Ways chinatulutsidwanso nyimbo zina zitaimbidwa ndi Amelle. Keisha atachoka, Jade anaimbanso mbali zake pa chimbale cha Sweet 7, chimene chinatuluka mu 2010 n'kungofika pa nambala 14. Omvera anasonyeza kuti pali malire a zimene angavomereze, ndipo pasanapite nthawi gululo linazilala.

Si magulu onse amene amachita motere. Gulu la The Supremes la ku Detroit, m'dziko la America, linapitirira Diana Ross atachoka mu 1970, koma Mary Wilson, womaliza mwa oyambitsa, atatsanzika mu 1977, gululo linathera pomwepo.

Funso: Ndiye tinene kuti amene analowa pambuyo aja sanali Sugababes enieni?

Yankho: Pamenepa ndikupemphani kuti tisafulumire kuweruza. Siobhán, amene anthu amamutcha mwini gulu, sanaimbe nawo ngakhale imodzi mwa nyimbo 6 zimene zinafika pa nambala 1, pomwe Heidi, amene ena amamuyesa mlendo, mawu ake akumveka m'nyimbo zonsezo ndipo anakhala m'gululo pafupifupi zaka 10. Munthu wotere sitinganene kuti ankangogwirizira malo a wina. Amelle ndi Jade nawonso anaitanidwa kuntchito n'kuigwira, ndipo si iwo amene ankasankha woti achoke kapena woti atsale. Kunyozedwa kumene anakumana nako kunayenera kupita kwa anthu amene ankapanga ziganizo m'maofesi.

Komabe ine ndimakhulupirira kuti atatu oyamba aja ali ndi chinthu chimene kampani singagule. Mawu awo anakulira limodzi: a Mutya ndi okhuthala ndi otsika, a Keisha ndi amphamvu, a Siobhán ndi opepuka, ndipo akaphatikizana amamveka mwanjira imene ena onse sanathe kuitsanzira. Mu 2012 atatuwa anagwirizananso, koma popeza analibe ufulu wogwiritsa ntchito dzina lakale, anadzitcha Mutya Keisha Siobhan. Nyimbo yawo ya "Flatline" ya mu 2013 sinapite patali, ndipo chimbale chimene anajambula nthawi imeneyo chinangokhala osatuluka. Anapirira mpaka mu 2019 pamene anayambanso kuimba ndi dzina la Sugababes. Mu 2022 ataimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury ku England, anthu anachuluka kwambiri moti oyang'anira anatseka njira zolowera kumalo kumene ankaimbirako, ndipo mu December chaka chomwecho nyimbo zimene zinasungidwa zija anazitulutsa okha pa chimbale chotchedwa The Lost Tapes.