Kodi CC pa imelo imatanthauza chiyani?

Mayi wina amene wangoyamba ntchito ya ulembi wandilembera kuti: "Abwana anandiuza kuti ndiziwaika pa CC ndikamatumiza makalata. Kodi zilembozi zimaimira chiyani, nanga ineyo ndikaikidwapo ndiyenera kuyankha?"

Mayi, CC ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti carbon copy, ndipo gwero lake ndi pepala la kaboni, lija amaika pakati pa masamba a buku la malisiti kuti zolembedwa pamwamba zidindike pansi. Ralph Wedgwood wa ku England analembetsa luso la pepalali mu 1806, koma linafala kwambiri kampani ya Remington itayamba kugulitsa makina otaipira mu 1874. Mlembi ankataipa kamodzi n'kupeza makope angapo, ndipo m'munsi mwa kalata ankalemba cc ndi mayina a onse olandira makopewo, monga makalata ambiri a boma amalembedwerabe mpaka lero. Imelo inangotengera mwambo umenewu.

Amene ali pa To, malo olembapo adiresi ya munthu amene mukumulembera, ndiye mwini nkhani, amene akuyembekezeka kuchitapo kanthu. Wa pa CC akungodziwitsidwa, choncho inuyo mukaikidwapo simukakamizika kuyankha pokhapokha ngati mwatchulidwa m'kati mwa kalatayo kapena mwaona cholakwika chimene chingawononge ntchito. Abwana anu akufuna kudziwa zimene zikutuluka mu ofesi yawo, osati kuyankha kalata iliyonse.

Pamene ndikufuna muchenjere ndi apa: kuika mkulu wa munthu pa CC pamene mukumukumbutsa ntchito imene wachedwetsa kumamveka ngati mwakamunenera, ngakhale mawu anu atakhala aulemu chotani. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba mwamulembera yekha, ndipo mkuluyo alowe m'nkhaniyo pokhapokha ikakanika.

Palinso BCC, imene B wake amaimira blind, mawu a Chingerezi otanthauza kusaona. Oikidwa pamenepo amalandira kalata koma ena onse saona mayina awo, n'chifukwa chake ndi yoyenera poitanira ku msonkhano anthu ambiri osadziwana, chifukwa CC imaonetsa adiresi ya aliyense kwa onse. Poyankha, batani la Reply limabweza yankho kwa wotumiza yekha, pomwe Reply All imafikitsanso kwa onse a pa To ndi pa CC, kupatula a pa BCC.