Lens ya paulendo: prime kapena zoom?

Achimwene, mwafunsa kuti paulendo wanu mutenge iti pakati pa prime (lens yosatha kukokera chinthu pafupi kapena kuchitalikitsa) ya 35mm f/1.8 ndi zoom (lens yomwe mumapotokola kuti chinthu chioneke pafupi kapena patali) ya 18-55mm yomwe inabwera ndi kamera. Ngati m'chikwama muli malo a imodzi yokha, ine ndikuti tengani zoom. Paulendo zinthu sizidikira munthu. Mukujambula nyumba yonse pa 18mm, pomwe lens imaona malo otakata, mwadzidzidzi mwaona agogo akuseka tsidya lina la msewu, mumangopotokola lens basi, mwawapeza. Kusinthasintha lens panja kumalowetsanso fumbi pa sensor (kachipangizo ka m'kamera kolandira kuwala n'kupanga chithunzi), ndipo timadontho take timaonekera pa chithunzi chilichonse cha thambo.

Koma dzuwa likangolowa, zoom imeneyi imagonja. Pa 55mm imatseguka kulekeza pa f/5.6 (nambala ya f ikamachepa, bowo la lens lolowetsa kuwala limakula), pomwe f/1.8 ya prime imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. Ndiye ngati mtima wanu uli pa zithunzi za madzulo, za m'nyumba, kapena nkhope ya munthu yooneka bwino kumbuyo kwake kuli mbuu, prime ndiyo yanu.

Chenjerani ndi ichi: pa kamera ya APS-C (ya sensor yocheperako), 35mm imaona malo ochepa, pafupifupi mofanana ndi 50mm pa kamera ya full frame (ya sensor yaikulu), choncho m'chipinda chopanikiza mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma anthu asanakwane onse m'chithunzi.