Chaka china kusukulu chifukwa cha baseball?

Funso: Mwana wanga wamaliza Giredi 12 kuno ku Lusaka ndipo baseball ndiye mtima wake. Amalume ake a ku Boston, ku America, akuti akaphunzire chaka chimodzi pa prep school ya kumeneko (sukulu yokonzekeretsa ana kupita ku koleji) kuti makochi a m'makoleji amuone. Kodi ndivomere? — Mayi wa ku Chilenje

Yankho: Amayi, zingathandize, koma musafulumire kugulitsa puloti. Masukulu ambiri otere, ogonera komweko, amalipiritsa madola oposa 60,000 pachaka.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo. Kudera la Boston kumazizira koopsa, moti baseball ya sukulu imayamba cha mu Epulo, makochi ambiri atasankha kale anyamata awo. Ndiye funsani sukuluyo mosapita m'mbali: kodi amasewera mu Seputembala ndi Okutobala, makochi asanamalize kusankha? Nanga anyamata a chaka chatha anatengedwa ndi makoleji ati?

Asapitirire chaka chimodzi. Ku NCAA Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji ku America, akachedwa kulowa koleji kuposa apo akusewerabe mipikisano, zaka zake zosewera ku koleji zimadulidwa. Alembetse panopa ku NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati wosewera ndi woyenera kusewera ku koleji, zotsatira zake za mayeso a ECZ zili m'manja.

Akanakhala wanga, ndikanayamba ndi junior college ya zaka ziwiri. Ndi yotsika mtengo, ndipo makochi amakasakako osewera.