Mashingozi atuluka nditayamba ma ARV: kodi mankhwala alephera?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, watumiza funso pa imelo. Adayamba kumwa TLD (piritsi la ma ARV lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir) pomwe CD4 yawo (chiwerengero cha maselo a chitetezo m'magazi) inali pansi pa 200, ndipo patapita miyezi iwiri matuza oyaka ngati moto atuluka mbali imodzi ya nthiti. Akufunsa ngati mankhwala alephera, komanso ngati viral load (kuchuluka kwa HIV m'magazi) ikadzatsika ndiye kuti chitetezo chabwerera mwakale.

Mayi, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi mashingozi, ndipo sizisonyeza kuti ma ARV akanika. Musasiye kumwa. Kachilombo ka varicella zoster, komwe kamadwalitsa katsabola paubwana, kamabisala m'mitsempha ya pafupi ndi msana moyo wonse. Miyezi yoyamba ya ma ARV, chitetezo chikamadzuka, chimalimbana mwaukali ndi tizilombo timene tinali kale m'thupi. Madokotala amatcha zimenezi IRIS, ndipo zimachitika kwambiri kwa amene ayamba CD4 ili yotsika ngati inu. Pitani msanga ku OI clinic, kiliniki ya anthu amene ali ndi HIV. Mankhwala a acyclovir amathandiza bwino pa mashingozi akayambidwa pasanathe maola 72: mamiligalamu 800 kasanu pa tsiku, masiku 7. Matuza akafika pamphumi, pafupi ndi diso kapena pansonga ya mphuno, n'zofunika kuonedwa tsiku lomwelo. Mpaka atauma, aphimbeni ndipo asakhudze khanda kapena mayi woyembekezera amene sanadwalepo katsabola.

Funso lachiwiri ndilo lofunika kulimvetsa. Dolutegravir wa mu TLD amagwetsa HIV m'magazi mofulumira, n'chifukwa chake viral load imayezedwa pa miyezi 6, kenako pa miyezi 12. CD4 ndiye imakwera pang'onopang'ono. Kukwera kwa miyezi yoyamba kwenikweni ndi maselo akale amene akuchoka m'mwanabele kubwerera m'magazi. Maselo atsopano, otha kuzindikira kachilombo komwe thupi silinakumanepo nako, amakhwimira mu thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa komwe kamafota munthu akamakula. Ntchito imeneyi imatenga zaka, ndipo ena amene adayamba mochedwa safika n'komwe pa 500. Kafukufuku wa START, wa mu 2015, adapeza kuti kuyamba CD4 ikadali pamwamba pa 500 kumachepetsa matenda aakulu ndi imfa ndi 57 peresenti poyerekeza ndi kudikira. Zimbabwe idayamba kupereka ma ARV kwa aliyense wopezeka ndi HIV mu 2016.

Ndiye tizilombo tina sitigonja pa nthawi imodzi. Tenofovir ndi lamivudine amaponderezanso hepatitis B, kachilombo ka m'chiwindi. Ngati muli nayo mosadziwa n'kusiya TLD, mwina chifukwa mapiritsi akutherani muli pa ulendo wa kumudzi ku Malawi, kachilombo ka m'chiwindi kangathe kubwerera mwamphamvu, maso n'kuchita chikasu. Pemphani akuyezeni HBsAg, muyeso wa magazi woona ngati muli ndi hepatitis B. Mukapezeka mulibe, funsani za katemera, amene amagwira bwino viral load itatsika.

HPV, kachilombo komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndiye wovuta kuposa. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo, ndipo ma ARV samaliza chiopsezo chimenechi. WHO imati ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 25. Kuno ku Zimbabwe muyeso wofala ndi VIAC, woyang'ana khomo la chiberekero atapakapo viniga n'kulijambula. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ambiri amatayirira akangomva kuti viral load yawo siikuonekanso.

Katemera wopangidwa ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever, saperekedwa CD4 ili pansi pa 200. Wa chimfine cha flu wobaya ndi wa hepatitis B alibe vuto limeneli.

Chimodzi chimene chimafooketsa TLD mwakabisira: mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, ndi mankhwala a kutentha pamtima amagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Imwani TLD maola 2 musanamwe amenewo, kapena maola 6 mutamwa. Ndipo mukapatsidwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, kumbutsani namwino za dolutegravir wina wa mamiligalamu 50, womwa patapita maola 12.