Ndikasesa m'khola la nkhuku usiku wake ndimabanika

FUNSO: Adokotala ndithandizeni. Ndimaweta nkhuku za nyama, ndiye tsiku lomwe ndachotsa utuchi wakale m'khola madzulo ake thupi limatentha, kuzizidwa, kutsokomola kouma mpaka kubanika. Pakapita masiku awiri ndimakhala bwinobwino. Malungo anayeza sanapezeke. Ndamwa bactrim kangapo, komanso anzanga anati ndizimwa mkaka ndikamaliza ntchito kuti uzitsuka fumbi. Chaka chikutha tsopano, ndaondako, ndipo mayi akunyumba ayamba kundipatulira kapu yangayanga. Mlimi, Mchinji

YANKHO: Bambo, nkhani ya kapuyo ndaimva, mukuopa kuti ndi TB ndipo mupatsira ana. Sindingakuyezeni pakalata, koma TB siidikira tsiku losesa khola kuti iyambe kenako n'kupuma masiku awiri akatha. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kutupa kwa mapapo kobwera chifukwa cha fumbi la zitosi zouma, nthenga ndi chuku chomwe chimamera mu utuchi wonyowa kapena m'madeya osungidwa pachinyezi. Tinthu take ndi tating'ono zedi moti timalowa mpaka kunsi kwenikweni kwa mapapo, thupi n'kuyamba kulimbana nato, ndipo zizindikiro zimadza pakapita maola 4 mpaka 8. N'chifukwa chake m'kholamo mumatuluka muli bwino, n'kudzagwa nthawi ya nsima yamadzulo. Oweta nkhunda ndi opuntha chimanga chachuku zimawachitikiranso. Matenda amenewa sapatsirana.

Tsopano za mkakazi. Ndazimva kwa akuchigayo, akalipentala, osankha fodya m'zigafa, onse amalumbira kuti umathandiza. Mkaka mukamwa umatsika pakhosi kupita m'mimba, fumbi lija linadutsa njira ya mpweya kupita m'mapapo, ndi njira ziwiri zosiyana ndipo zikapatukana pakhosi sizikumananso. Tsiku lomwe mkaka ungalowe kumene kuli fumbiko mudzatsamwa mpaka misozi. Anzanuwo amaona ngati wagwira ntchito chifukwa kukhosi kumaleka kukereketa, komanso mawa lake munthu amapeza bwino ndithu, koma wapeza bwino poti wachoka pafumbi, mkaka wangodyerapo ulemu. Imwani ngati chakudya, palibe vuto, koma kuipa kwake munthu amalowa m'khola mphuno zili pamtunda ati ndikamwa mkaka.

Bactrim nayenso mwangotaya ndalama, kutupa kwamtunduwu sikumva mankhwala opha mabakiteriya, ndipo mukuzoloweretsa mabakiteriya a m'thupi mwanu mankhwala omwe tsiku lina mudzawafuna zenizeni. Chaka chathunthu bambo! Nkhuku ikangozyolika mumathamangira kwa alangizi tsiku lomwelo. Mapapo akamatupa mobwerezabwereza amachita zipsera ndi kuuma, ndipo zipserazo sizibwerera. Kuonda mwanenaku ndi komwe kwandidetsa nkhawa.

Pitani kuchipatala cha boma sabata ino. Akayeze makhololo kaye, chifukwa aliyense wotsokomola kupitirira masabata 2 ndi kuonda ayenera kuyezedwa TB, ndi zaulele, ikapezeka imachizika ndi mankhwala a miyezi 6. HIV muyezetsenso pomwepo. Koma chachikulu, mukawauze ntchito yanu ngakhale asakufunseni: nkhuku, utuchi, ndi maola omwe amadutsa musanayambe kudwala. Pamzere wautali dokotala akangomva "ndikutsokomola" sangalote za khola lanu. Pemphani X-ray ya pachifuwa ndi kuyeza mpweya m'magazi ndi kachipangizo kapachala kaja. Ena amafunika mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone kwa kanthawi, koma alembe ndi adokotala TB itayezedwa, osakagula nokha chifukwa amatha kuikolezera.

Pakadali pano khola asese wina, awaze madzi pang'ono asanayambe, mazenera ali otsegula, atavala masiki yosefa fumbi yotchedwa N95 yogwira bwino pamphuno, kansalu komanga kumaso sikatchinga tinthuti. Zovala zam'khola zisalowe kuchipinda chogona. Mukayamba kubanika muli chikhalire kapena milomo kusintha mtundu, musadikire kuti kuche. Ndipo popita kuchipatalako mutenge mayiwo akamve okha zotsatira.